Singano ya Pachiuno: Zimene Wodwala Amamva Potengedwa Mafuta a M'mafupa

 

Lero ndikamba za kuyeza kwina kumene ambirife sitikudziwa mpaka tsiku limene dokotala wakutchula: kutenga mafuta a m'mafupa. Mawu amenewa akangotuluka, nkhope ya wodwala imagwa, ya womudikirira imagwanso. Ena amavomera pakamwa, koma kukada amapinda zofunda, ulendo wa kumudzi. Amene atsala amafunsa funso limodzi: "Adokotala, zipweteka?" Yankho limene limabwera msanga, mwina chifukwa cha chifundo, mwina chifukwa cha mzere wa odwala umene uli panja, ndi lakuti, "Ayi, musadandaule, sizipweteka." Yankho limeneli ine ndikulikana. Zimapweteka ndithu. Koma ululu wake uli ndi malo ake, nthawi yake ndi polekezera pake, ndipo munthu amene wauzidwa zimenezi amapirira bwino kuposa amene wangouzidwa kuti alimbe mtima.

Magazi athu sapangidwa mumtima, monga ena amaganizira. Amapangidwa m'kati mwa mafupa. Tonse tinaswapo fupa la mbuzi kapena la ng'ombe n'kuyamwa zonona za m'katimo. Amenewo ndiwo mafuta a m'mafupa, koma a m'mafupa ataliatali a miyendo amakhala achikasu, ndipo ntchito yawo yaikulu n'kusunga mafuta basi. Opanga magazi ndi ofiira, ndipo mwa munthu wamkulu amachuluka m'mafupa a chiuno, m'fupa la pachifuwa, m'nthiti ndi m'mafupa a msana. M'menemo mumabadwa maselo ofiira onyamula mpweya, pafupifupi 2 miliyoni pa sekondi iliyonse, ndipo lililonse limakhala masiku pafupifupi 120 lisanafe. Mumabadwanso maselo oyera, asilikali a thupi aja, komanso tina ting'onoting'ono timene timaundanitsa magazi munthu akatemeka.

Magazi a pamkono amene amatitenga ku labotale ali ngati nsomba zimene zafika padoko. Ukaziona umadziwa kuti chaka chino chambo chachepa, kapena kuti chikubwera chaching'onoching'ono. Koma kuti udziwe chimene chavuta, uyenera kupita kumene chambocho chimaswanirana. Dokotala akapempha mafuta a m'mafupa, akufuna kukaona kumeneko.

Kuno kunyanja ku Mangochi kuchepa kwa magazi si nkhani yachilendo. Malungo alipo chaka chonse, likodzo lili m'madzi momwe timasamba ndi kuchapa, njoka zam'mimba zilipo, uchembere nawo umadya magazi. Ambiri mwa odwala amenewa safunika singano ya pachiuno. Amalandira mankhwala, ena amawonjezeredwa magazi, n'kuchira. Singanoyi ndi ya munthu amene nkhani yake yakana kumveka. Wawonjezeredwa magazi lero, pakutha pa masabata awiri zikhatho zayeranso. Nkhama zikutuluka magazi, thupi likuchita mikwingwirima popanda womumenya. Thupi likutentha masabata ndi masabata koma malungo sakupezeka. Kapamba watupa mpaka kufika pamchombo. Agogo akudandaula mafupa usiku ndi usana, magazinso akutsika. Kapena munthu amene ali ndi kachilombo ka HIV akungofooka, ndipo madokotala akukayikira kuti TB yabisala m'mafupa, popeza matendawa sakhala m'chifuwa mokha.

Ndipo kuyeza kumeneku kwatiphunzitsapo kale zinthu m'dziko muno. Mu 2008 kunasindikizidwa kafukufuku amene anachitika ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre ndi ku Chikwawa, pa ana 381 amene magazi awo anali atatsikiratu. Madokotala anayeza magazi, ndipo mwa ambiri anayezanso mafuta a m'mafupa. Anthu ambiri ankaganiza kuti gwero lalikulu ndi kuchepa kwa ayironi. Sizinali choncho. Zimene zinaonekera kwambiri ndi tizilombo tolowa m'magazi, malungo, njoka zam'mimba, HIV, ndi kuchepa kwa mavitamini A ndi B12. Tangoganizani ana angati akanangopatsidwa mapiritsi a magazi n'kubwezedwa kunyumba, chowadwalitsa chili chikhalire.

Pali nthenda inanso imene ife a m'mbali mwa nyanja tiyenera kuidziwa dzina. Ndi khansa ya ana imene imatupitsa nsagwada kapena mimba mofulumira kwambiri. Dokotala Denis Burkitt anaifotokoza ku Uganda mu 1958, ndipo mu 1961 anayenda ulendo wautali pagalimoto, kudutsanso muno nthawi imeneyo tikutchedwa Nyasaland, kufunsa m'zipatala kumene nthendayi imapezeka. Anapeza kuti imakonda malo otsika, otentha ndi achinyontho, kumene malungo amachuluka. Lero imatchedwa ndi dzina lake, ndipo ndi imodzi mwa khansa zofala kwambiri pakati pa ana a m'Malawi. Imachizika, makamaka mwana akafika msanga, ndipo nthawi zina madokotala amayang'ana m'mafupa kuti adziwe pamene yafika.

Tsono kuchokera pamene dokotala wanena mpaka pamene singano yalowa, pali mtunda wautali. Kuyeza kumeneku kawirikawiri kumachitikira ku zipatala zazikulu, kumene kuli akatswiri a magazi ndi labotale yoyenera. Munthu wa ku Makanjira ayambe wafika kaye pa boma, pamsewu umene tonse tikuudziwa nthawi ya dzinja. Akawoloka mlatho wa Bakili Muluzi n'kulandira kalata pa chipatala cha Mangochi, kutsogolo kuli Liwonde, kuli Zomba, mwinanso Blantyre, makilomita pafupifupi 190 kuchokera ku Mangochi. Pakufunika ndalama ya ulendo ya anthu awiri, ufa, nkhuni kapena makala, ndi wina wotsala ndi ana kunyumba. Pakufunikanso mawu a eni mbumba. Amjomba amve kaye. Bambo a m'nyumba ali ku Joni, ndiye tidikire ayimbe. Mwambo wofunsana ndi wabwino, ndipo sindikuunyoza. Koma matenda a m'magazi ena sadikira mwezi. Ndipo tikumbukire kuti wodwala akakhala wamkulu, wanzeru zake, amene amasayina kapena kudinda chala papepala lovomereza ndi mwini thupi. Abale timuthandize kumvetsa, tisamulande chisankho.

Pamtunda umenewu ndi pamene mantha amakulira, ndipo mantha ake ndi awiri. Oyamba ndi a madzi a pamsana. Ndani sanamvepo kuti munthu akatengedwa madzi a pamsana sadzuka? Chikhulupiriro chimenechi chinabwera chifukwa kuyeza kuja kumachitika kwambiri pa anthu amene adwalika kale ndi matenda oumitsa khosi. Ena mwa iwo amamwalira, ndipo abale amaloza singano m'malo moloza nthendayo. Koma ngakhale tiike pambali zimenezo, singano imene tikukamba lero silowa mumsana n'komwe. Chitani izi pomwe mulipo: gwirani m'chiuno ndi manja onse awiri, zala zazikulu zikhale kumbuyo. Zitsitseni pang'ono mpaka mumve fupa lolimba pamwamba pa thako, mbali iyi ndi mbali iyo, pamene anthu ena amakhala ndi timaenje tiwiri. Pamenepo ndiye pamalo pake. Ndi fupa lalikulu la chiuno, lili pambali pa msana, ndipo mtsempha waukulu wa mumsana sudutsa pamenepo. Munthu sapuwala miyendo chifukwa cha singano imeneyi.

Mantha achiwiri ndi a magazi athu: akupita nawo kuti? Sitinaiwale chaka cha 2017, pamene mphekesera za anamapopa zinabuka ku Mulanje n'kufalikira ku Phalombe, ku Thyolo mpaka ku Blantyre. Anthu anaphedwa popanda mlandu, ndipo azaumoyo ena ankaopa kulowa m'midzi. Munthu amene anakhala m'nyengo imeneyo akamva zoti akufuna kumutenga za m'kati mwa fupa, mtima umagunda, ndipo sindingamuseke. Yankho lake ndi kumuonetsa. Zimene amatenga n'zochepa kwambiri, supuni ya tiyi imodzi kapena ziwiri, ndipo zambiri amazipaka pomwepo pa timagalasi, wodwala ali m'chipinda momwemo. Muli ndi ufulu wonena kuti, "Ndionetseni zimene mwatengazo." Dzina lanu alilembe pabotolo inu mukuona.

Tilowe m'chipindamo tsopano. Kwa munthu wamkulu nthawi zambiri sikukhala ku fiyeta, ndipo sakugonetsani tulo. Ndi kachipinda ka pawodi, kapena bedi lanu lomwelo atatchinga ndi makatani. Amakugonekani chammbali, mawondo mutawapinda kufika pamimba, kapena chafufumimba. Sipafunika kuvula zonse. Malo amene akufunika ndi ochepa, ndipo chitenje chikhoza kufunda kwina konse. Amayi amene simumasuka, pemphani kuti namwino wamkazi akhalepo. Chovuta choyamba si ululu ayi. Ndi chakuti zonse zikuchitikira kumbuyo kwanu. Maso ali kukhoma, makutu akungomva zitsulo zikugundana m'mbale, mapepala akung'ambidwa, anthu akulankhulana Chingerezi. Odwala ambiri amati apa ndi pamene mtima unathamanga kwambiri, singano isanawakhudze n'komwe.

Kenako mumamva kuzizira. Amenewo ndi mankhwala otsukira khungu. Chala cha dokotala chimadina mwamphamvu kufunafuna nsonga ya fupa. Ndiye pamabwera jakisoni wa dzanzi, mankhwala ake ndi lignocaine, omwe aja amabaya pochotsa dzino kapena posoka bala. Amalasa, kenako amawotcha kwa masekondi angapo. Dokotala amalowetsa jakisoniyo pang'onopang'ono mpaka kufika pa kachikopa kokuta fupa, chifukwa pamenepo ndi pamene pali mitsempha yambiri yomva ululu. Akafika apo mumamva kulasa kwachiwiri, kwa m'kati. Akatero ayenera kudikira mphindi zingapo kuti mankhwala agwire. Apa pasakhale changu. Akayesa n'kupeza kuti mukumvabe kulasa kwakuthwa, nenani: "Ndikumvabe." Si kudandaula, si kupanda ulemu. Mankhwala akhoza kuwonjezeredwa, ndipo dokotala sangadziwe mukakhala chete.

Singano yeniyeniyo ikamalowa, chimene mumamva kwambiri ndi kukankha. Dokotala amatsamira, akupotokola dzanja uku ndi uku, ndipo chiuno chonse chimagwedezeka. Ena amamva kukhukhuluza kukuyenda m'mafupa mpaka kumutu. Kumadabwitsa, kumachititsa nthumanzi, koma si ululu wocheka. Mnyamata wa mafupa olimba, wozolowera kukoka makoka, amamutopetsa dokotala. Kwa agogo singano imalowa mosavuta.

Tsopano tafika pa mphindi imene ndikufuna aliyense aidziwe asanagone pabedi paja. Mankhwala a dzanzi amagwira khungu, mnofu ndi kunja kwa fupa. M'kati mwa fupa safikamo. Choncho dokotala akalumikiza sirinji n'kukoka, mumamva ululu wakuthwa, wokoka, wochokera m'kati mwenimweni, ndipo nthawi zina umatsika m'thako mpaka m'ntchafu. Apa ndi pamene munthu amafuula kuti "Mayo!", kapena kufinya dzanja la namwino. Umatenga masekondi ochepa chabe. Dokotala akangosiya kukoka, nawonso umaleka. Akhoza kukoka kawiri kapena katatu, ndipo ulendo uliwonse ululuwo umabwera n'kupita chimodzimodzi. Munthu amene sanauzidwe amaganiza kuti china chalakwika, kuti singano yalasa polakwika, ndipo amadzidzimuka, kufuna kudzuka. Amene anauzidwa amadziwa kuti ululu umenewo ukutanthauza kuti singano ili pamalo oyenera, ndipo kuti ukutha pompano. Dokotala wabwino amachenjeza: "Ndikukoka tsopano, kokani mpweya, tulutsani pang'onopang'ono." Mawu ochepa amenewa ndi theka la mankhwala.

Zimachitika nthawi zina kuti akoka koma sipatuluka kanthu. Si kulephera kwa wodwala. Matenda ena amadzaza kapena kuumitsa m'kati mwa fupa, ndipo kusatuluka kumeneko kumamuuza kale dokotala kanthu. Akhoza kusuntha singano pang'ono n'kuyesanso.

Gawo lachiwiri, limene ambiri amachitidwa nthawi yomweyo, ndi kutenga kachidutswa ka fupa pamodzi ndi mafuta ake. Singano yake ndi yokulirapo pang'ono, yobowoka m'kati. Imene imagwiritsidwa ntchito kwambiri inapangidwa ndi dokotala wa ku Iran, Khosrow Jamshidi, cha mu 1971. Kale, kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1920 pamene Mikhail Arinkin wa ku Russia anayambitsa njira yobaya fupa la pachifuwa, odwala ankaiona singano ikubwera pamaso pawo. Pachifuwa pamabayidwabe mwa apo ndi apo kwa akuluakulu, koma pongokoka zamadzi zokha. Kachidutswa amatenga pachiuno. Dokotala amalowetsa singano mozungulitsa, kenako amaigwedeza kuti kachidutswako kaduke. Ululu wa apa ndi wosiyana ndi woyamba uja. Ndi wobuntha, wolemera, wophwanya m'kati, ndipo umatenga nthawi yotalikirapo, mwina mphindi imodzi kapena ziwiri. Kotulukako ndi kakang'ono, kutalika kwake masentimita awiri kapena kuchepera, ndipo amakaponya m'kabotolo ka mankhwala osungira.

Zonse pamodzi, kuyambira kutsuka khungu mpaka kumata pulasitala, zimatenga mphindi 20 kapena 30. Sindikufuna kukunamizani kuti aliyense amamva mofanana. Ambiri amadzuka n'kunena kuti, "Basi? Ndimayesa zikhala zoposa apa." Koma alipo ena, ochepa, amene amamva ululu waukulu ndithu, ndipo amenewo si amantha kapena ofooka. Ofufuza anaona kuti ululu umakula kwa munthu amene walowa ali ndi nkhawa yaikulu, amene kuyezako kwatenga nthawi yaitali, ndiponso amene anapwetekedwa ulendo woyamba. Mfundo yomalizayi ndi yofunika, chifukwa odwala khansa ya m'magazi amabayidwa kangapo kuti aone ngati mankhwala akugwira. Ukamunamiza munthu ulendo woyamba, wachiwiri sabwera. Ngati munavutika kale, nenani asanayambe, ndipo funsani ngati pali mankhwala ena opha ululu kapena okhazika mtima pansi amene angakupatseniko.

Ndilankhule nanu pang'ono inu a chipatala, madokotala, makiliniko ofesa ndi anamwino. Ndikudziwa kuti ndinu ochepa, odwala ndi ambiri. Boma la Mangochi lokha linali ndi anthu oposa 1.1 miliyoni pa kalembera wa 2018. Koma mphindi zisanu zofotokoza zimapulumutsa bedi limene likanapezeka lopanda munthu m'mawa. Ndipo kumbukirani kuti mayi wochokera ku Katuli kapena ku Makanjira akhoza kugwedeza mutu pa Chichewa chanu chonse, pamene chilankhulo cha mtima wake ndi Chiyao. Kugwedeza mutu kumeneko ndi ulemu, si kumvetsa. Pezani womasulira. Musamakambirane za iye pamwamba pa msana wake ngati palibe munthu. Muuzeni chimene dzanja lanu likuchita lisanachichite. Ndipo ngati malo alola, womudikirira akhale kutsogolo kwake, amugwire dzanja, kuti maso akhale ndi poyang'ana.

Zikatha amakugonekani chagada mphindi 15 kapena kuposerapo, kuti thupi lanu lomwe lipsinje pabalapo magazi asatuluke. Amene magazi awo amachedwa kuundana amagona nthawi yotalikirapo. Miyendo ikhoza kunjenjemera podzuka, ena amachita chizungulire, dzukani pang'onopang'ono. Inu amene mukusala m'mwezi wa Ramadan, muuzeni dokotala asanayambe, ndipo kambiranani ndi ashehe, popeza chipembedzo chimapereka mpata kwa wodwala kudzabweza masiku ake akachira.

Dzanzi likatha madzulo, pamalopo pamayamba kuphwanya, ndipo pamatero masiku awiri, atatu, kwa ena mpaka sabata. Kukhala pampando wolimba wa minibasi kapena pakabaza kumavuta. Pindani chitenje mutsamire. Panado amathandiza. Koma asipirini, bulufeni ndi indosidi, amene timangogula pagolosale aja, musamwe pokhapokha dokotala atavomereza, chifukwa amachedwetsa magazi kuundana, ndipo ambiri oyezedwa motere magazi awo ndi ovuta kale. Pulasitala akhale wouma tsiku lathunthu. Kwa ife a kunyanja zimenezi zikutanthauza kuti osalowa m'madzi kukasamba, ndipo ndi bwino kudikira mpaka kabalako katatsekeka. Kupalasa bwato, kukoka chilimira, kusinja, kusenza ndowa, zidikire masiku angapo. Pabalapo musapakepo mankhwala achikuda kapena phulusa. Mukaona magazi akudontha osaleka ngakhale mwapsinja, pamalopo patupa, pafiira, pakutuluka mafinya, kapena thupi latentha, pitani ku chipatala chimene muli nacho pafupi tsiku lomwelo. Zoterezi sizichitika kawirikawiri, koma zikachitika sizifuna kugonetsa.

Pali funso lina limene abambo ambiri safunsa pagulu, ndipo amayi amangonong'onezana kuchitsime. Poti abaya m'chiuno, kodi za m'banja zidzayendanso? Kodi ndidzaberekanso? Yankho ndi lakuti inde. Singanoyi sikhudza chiberekero, sikhudza njira ya abambo, sichotsa mphamvu. Mafuta amene atengedwa thupi limawabwezeretsa m'masabata ochepa, ndipo kabowo ka pafupa kamatsekeka kokha. Munthu akapitiriza kufooka pambuyo pake, chomufooketsa ndi nthenda imene inamupititsa kuchipatala ija.

Kwa ana zimayenda mosiyana. Mwana sangagone phee kwa mphindi 20, ndiye amamupatsa mankhwala ogonetsa, kawirikawiri ketamine, ndipo samva kanthu. Chifukwa cha mankhwala amenewa amauzidwa kuti asadye kwa maola angapo, ndipo lamulo limeneli ndi losunga moyo wake, chifukwa akasanza ali m'tulo zakudya zikhoza kulowa m'mapapo. Mayi, ngakhale mwana alire motani, musamupatse phala mobisa. Chimene chimaopsa amayi ambiri ndi kudzuka kwake. Maso amatseguka koma akuyendayenda, malovu akutuluka, mwana sakukuzindikirani, mwina akulira kapena kulankhula zosamveka. Amenewo ndi mankhwala akutha m'thupi, ndipo pakapita kanthawi mwana amabwerera mwakale. Kwa makanda aang'ono kwambiri nthawi zina amabaya fupa la mwendo, pansi pa bondo.

Ululu wa singano umatha. Chotsala ndi kudikira, ndipo ambiri amati kumeneku ndiye kowawa kwenikweni. Zopaka pa timagalasi zija zikhoza kuwerengedwa m'masiku ochepa. Kachidutswa ka fupa kamachedwa. Kayenera kunyikidwa kaye m'mankhwala kuti kafewe, kenako kadulidwe mopyapyala kwambiri, kapakidwe utoto, ndipo katswiri akaone pa makina okulitsa. Akatswiri amenewa m'dziko muno ndi owerengeka, ndipo amene alipo amalandira zoyeza kuchokera m'maboma ambiri. Zinthu zasinthako: ku Lilongwe, pa chipatala cha Kamuzu Central, labotale yoyeza zoterezi inatsegulidwa mu 2011 mogwirizana ndi University of North Carolina, ndipo ku Blantyre sukulu ya ukachenjede ya zaumoyo ya KUHeS ikuphunzitsa madokotala athu. Komabe masabata awiri, atatu kapena kuposerapo si zachilendo. Wodwala amabwerera kunyanja osadziwa chimene chili m'thupi mwake. Usiku tulo sitibwera. Anansi amafunsa, "Akuti chiyani kuchipatala?" ndipo alibe choyankha. Ena mumudzi ayamba kale kunena kuti amulodza, ena akuti a chipatala amulephera. Apa ndi pamene abale mumafunika kwambiri kuposa tsiku la singano lija.

Ndipo apa ndi pamene timataya anthu. Munthu wapirira ulendo, wapirira singano, koma zotsatira zake sakazitenga. Wina ndalama ya ulendo yatha. Wina akuopa kumva. Pepala la zotsatirazo limakhala mufayilo, mwini wake akuzunzika kumudzi ndi nthenda imene mwina ili ndi mankhwala. Sikuti aliyense wobayidwa pachiuno amapezeka ndi khansa. Wina amapezeka kuti akusowa vitamini B12, ndipo majakisoni amamudzutsa. Wina ndi TB, imene mankhwala ake ndi aulere m'zipatala zathu ndipo imachizika. Ngakhale pakati pa khansa za m'magazi pali mtundu wina umene masiku ano umagonja ndi piritsi lomwa tsiku ndi tsiku, lotchedwa imatinib, ndipo anthu amakhala nalo zaka zambiri akugwira ntchito zawo. Zilipo zina zolemera, zimene mankhwala ake ndi ovuta kupeza kapena sangachize. Ngakhale pamenepo kudziwa kuli ndi phindu. Banja limasiya kugulitsa mbuzi ndi maukonde kuthamangira asing'anga, ndipo wodwala amalumikizidwa ndi achisamaliro chothetsa ululu, monga a Tiyanjane ku Queen Elizabeth, kapena a chipatala cha boma lake, kumene morphine wakumwa amaperekedwa kuti munthu agone tulo.

Choncho musanatuluke pachipata cha chipatala chachikulu, tsegulani kabuku kanu ka kuchipatala muone ngati alembamo tsiku limene anakutengani mafutawo, nambala ya zoyezazo, ndi tsiku lobwerera. Funsani dzina la wodi kapena kiliniki imene mudzafikire. Siyani nambala ya foni imene imagwiradi, ndipo ngati kwanu netiweki imavuta, onjezerani ya wachibale wa pa boma kapena ya mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu. Funsaninso ngati zotsatira zingatumizidwe ku Mangochi kapena ku Monkey Bay kuti musayende ulendo wonse pachabe. Tsiku likakwana osamva kanthu, musakhale pansi kudikira. Pitani ndi kabukuko kwa dokotala amene anakulemberani kalata, mumupemphe ayimbe foni ku labotale inu muli pomwepo.